A Sunafike ndi Penti wa Kalole Kawo

Mumsewu mwathu munali munthu mmodzi yekha amene ukamupatsa moni ankakuyankha ndi manambala. Iwe uti, “Mwadzuka bwanji, bambo?” iwo osadzutsa n’komwe mutu amvekere, “Seveni... eyiti... naini.” Alendo ankabwerera atakhumudwa, ena n’kumafunsa ngati mkuluyo zikumuyendera bwinobwino kumutuku. Zinkayenda ndithu. Amenewo anali a Sunafike, ndipo sikuti anali amwano ayi, ankawerenga madontho a penti.

Pa unyamata wawo anali dalaivala wa asilikali. Atapuma pa ntchito, anzawo anayamba kuweta nkhuku, ena kukhala pamthunzi n’kumakangana za mpira, koma iwo analanda kachipinda kakumbuyo komwe akazi awo ankasungiramo makina osokera, n’kukasandutsa galaja ya tigalimoto tankhondo. Tinali tating’ono, tokwana pachikhatho: tiakasinja, timajipi, timalole, tina tokoka mizinga. Tinkabwera m’mabokosi tili tizidutswa ta pulasitiki, iwo n’kumatilumikiza ndi guluu, lilime atalitulutsira pambali. Kulumikizako sikunkawavuta. Nkhondo inali pa penti.

Penti wobiriwira wa m’sitolo ankamunyoza koopsa. “Uyu ndi wa pageti la sukulu,” ankatero. “Uyu ndi wa chule. Galimoto ya asilikali itapakidwa ameneyu, mdani akhoza kuiombera chifukwa cha kunyansidwa chabe.” Choncho ankasakaniza okha. Ankatenga kabotolo kotha ka mankhwala a m’maso n’kumadonthezera m’chivindikiro: wachikasu madontho akutiakuti, wakuda pang’ono, wabulawuni, kenaka woyera, poti ankati kanthu kakang’ono kamaoneka ngati kali patali, ndipo chakutali chimatuwa. Akatakasa ndi kamtengo ka machesi, ankapaka pang’ono penapake n’kudikira mpaka mawa lake, chifukwa penti wosauma ndi wabodza. Magetsi nawonso ankati ndi abodza. Woweruza mlandu linali dzuwa la teni koloko m’mawa, pakhonde. Ankatuluka n’kupenyetsetsa, diso limodzi atatsinzina, msewu wonse uli tcheru, kenaka n’kupukusa mutu: “Mtundu sunafike.” Dzina lija linachokera pamenepo, lawo lenileni n’kungotsala pachiphaso.

Amene anasenza mtanda wa zonsezi anali akazi awo, mayi wodekha koma wa lilime lakuthwa akafuna. Penapake pomwe bambo ankayeserapo penti paja panali kumbuyo kwa masupuni a mayi. Ankati supuni n’njopindika ngati madigadi ya galimoto, ndiye kuwala kumagwerapo bwino. Pomatha chaka, m’nyumba monse munalibe supuni yoyera kumbuyo. Mayi anagula zatsopano zisanu ndi imodzi n’kuzibisa m’thumba la pilo, koma bambo anazitulukira ndi khosi.

“Bambo, alendo azidyera chiyani muno?”

“Azidyera kutsogolo. Ndani amadyera kumbuyo kwa supuni?”

Tsiku lina kunabwera abusa atsopano kudzacheza. Anaima pakhomo la kachipinda n’kupereka moni wautali, wofunsa za m’thupi, za ana ndi za adzukulu omwe. A Sunafike anali pa dontho la twente-firii. Anayesa kulimbikira, milomo ikugwedera, koma abusa anabwereza moni uja mokweza poganiza kuti mkuluyo ndi wogontha. Madontho awiri akuda anagwera pamodzi.

“Abusa,” anatero a Sunafike modekha, “mwandiphera mtundu.”

“Pepani bambo, ndimati tipemphere.”

“Pempherani, koma musatchule nambala. Ngakhale ya vesi.”

Mayi anachita manyazi mpaka kujomba kukwaya masabata awiri. Kuchokera pamenepo anayamba kupachika kansanza kofiira pachitseko cha kutsogolo bambo akamawerenga. Msewu wonse unalizolowera lamulolo. Ogulitsa makala ankadutsa chinunu, amayi okangana za madzi ankapitiriza mkangano ndi manja, ndipo ometa tsitsi a tsidya lina la msewu ankatsitsa wailesi.

Ometawo anali bwenzi la a Sunafike la ponda apa nane m’pondepo, ngakhale ubwenziwo unawadyera burashi yawo yosasira tsitsi pakhosi. A Sunafike akapita kukameta ankazulako ubweya uwiri utatu wopangira timaburashi tawo, mpaka burashi ija inachita dazi kuposa mwini wake.

“Achimwene,” anafunsa ometa tsiku lina, “bwanji osangolemba manambalawo papepala?”

“Msilikali salemba chinsinsi. Nanga pepalalo likagwidwa ndi adani?”

“Adani ake ati mumsewu muno?”

“Mayi a kunyumba. Akhoza kuyatsira mbaula.”

Koma tiakasinja tonse tija tinali tongoyeserapo. Chenicheni chinali pamwamba pa shelefu: kalole kamodzi kotuwa, kosapaka, kamene sikanabwere m’bokosi. Anakapanga okha kuchokera ku zitini, mawaya ndi pulasitiki, molingana ndi lole yomwe ankayendetsa ali mnyamata, mpaka kubenduka kwa bampala kunalipo. Kanakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kudikira mtundu. Mayi ankakatcha “mkazi mnzanga”, ndipo ankanena mosaseka.

Lole imeneyo mayi ankaidziwa. Ali mtsikana, tsiku lina kukutentha, patapata inawadukira pamsewu wautali wafumbi, ndipo ankayenda motsimphina, patapata ili m’manja. Lole ya asilikali inadutsa, n’kuima, n’kubwerera chafutambuyo. Dalaivala wake, mnyamata wa makutu aakulu, anawakweza kutsogolo ngakhale lamulo linkaletsa kunyamula anthu wamba. Chifundo chimenecho chinamutsukitsa zimbudzi za kukampu milungu iwiri, ndipo chaka chisanathe anakwatirana. Choncho a Sunafike akasowa pogwira ankatembenukira kwa mboni yawo.

“Mayi, inu munaikwera. Unali mtundu wanji?”

“Wobiriwira.”

“Wobiriwira wanji?”

“Wobiriwira wa lole.”

“Zaka zonsezi kusukulu kwanu ankakuphunzitsani chiyani?”

“Kusoka. Pamakina omwe munawathamangitsira kukhitchini.”

Ankaseka, koma mumtima mayi zinkawawawa. Munthu wokumbukira nambala ya lole, kulira kwa injini ndi kubenduka kwa bampala, sanawafunseko n’kamodzi komwe ngati akukumbukira zimene anakambirana paulendowo.

Kenaka maso a bambo anayamba kuchita nkhungu. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawatengera kuchipatala mokakamiza, ndipo adokotala sanabise mawu: matendawo sanali ochiritsika, ndipo chaka chisanathe mitundu idzayamba kusokonekera, wobiriwira ndi wabulawuni kukhala chimodzimodzi. A Sunafike anabwerera kunyumba. Sanadandaule, anangotsitsa kalole kaja pashelefu n’kukaika patebulo pafupi. Kuyambira tsiku limenelo kansanza kofiira kankakhala pachitseko kuyambira m’mawa mpaka madzulo.

“Kuona maso a nkhono n’kudekha, bambo,” ankatero mayi powabweretsera tiyi.

“Nkhono ili ndi nthawi. Ine ndilibe.”

Paja amati tsoka silinunkha. Lachitatu lina bambo anawoloka msewu kukameta, ndipo mayi anaona mpata woti asese kachipinda kaja, komwe tsache linali lisanalowemo masiku anayi. Analowa atakwiya kale chifukwa anali atangopeza kuti chipande nachonso chabiriwira kumbuyo. Akusesa mwaukali, mpini wa tsache unagunda tebulo. Kabotolo komwe munali msakanizo wa tsikulo kanagwa, n’kukokera timabotolo tina titatu tosatseka, ndipo zonse zinakumana pasimenti. Mayi mutu unaima. Anasuzumira pawindo n’kuona kuti ometa akumaliza m’mbali mwa makutu. Mwachangu anatenga supuni, n’kuwola zomwe akanatha, penti ndi fumbi lomwe, kuthira m’kabotolo kaja, kutseka, kupukuta pansi ndi thina wochotsera penti, n’kuthawira kukhitchini kukaimba nyimbo yakwaya mokweza kwambiri.

Bambo anabwera, anagwedeza kabotolo, anapaka pasupuni monga mwa masiku onse. Mawa lake teni koloko anatuluka pakhonde. Mayi ankayang’anira kuseri kwa katani. Bambo anapenya, anatembenuza supuni, anapukuta m’maso, n’kupenyanso nthawi yaitali. Kenaka anaitana motsitsa mawu.

“Mayi, tabwerani. Wafika.”

Mbiri inathamanga msewu wonse. Ometa anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi n’kuwoloka, makina ali m’manja. Anthu anaunjikana kudzaona kumbuyo kwa supuni ngati kwabadwa mwana, ndipo wina anafunsa kuti nanga tsopano mkuluyu tizimuitana ndani. A Sunafike ankangomwetulira n’kumauza aliyense kuti kanthu n’khama. Mayi okha ndi amene sanasangalale, ndipo anzawo ankati ndi nsanje ya mkazi mnzawo uja.

Tsoka lake, penti wowola ndi supuni sachuluka. Anakwanira kutsogolo kokha, komwe amakhala dalaivala, n’kutheratu. Bambo sanade nkhawa, poti manambala a tsiku lija ankawakumbukira: wachikasu khumi ndi awiri, wakuda atatu, wabulawuni anayi, woyera awiri. Anasakaniza, anadikira dzuwa, sunafike. Anabwereza, sunafike. Anasintha kabotolo kodonthezera, anasintha machesi, anavala malaya omwe anavala Lachitatu lija, anapita kukametanso ngakhale panalibe choti amete. Miyezi iwiri inatha, kalole kali kobiriwira kumutu, kotuwa kumbuyo, maso nawo akunka nachita nkhungu.

Mayi anasunga pakamwa, koma chinsinsicho chinkawatentha. Chimene chinawathyola ndi tsiku lomwe anawapeza bambo atakhala pakhonde masana, manja ali pamaondo, osawerenga kanthu.

“Mayi, za maso ndinavomera. Koma zikuoneka kuti mutu nawonso wayamba kutha. Manambala anayi okha, ine amene ndinkasunga m’mutu misewu ya dziko lonse. Muuzeni mwana adziwiretu.”

Mayi anakhala pansi n’kuulula zonse: tsache, timabotolo, supuni, nyimbo yakwaya. Atamaliza anaweramitsa mutu kudikira bingu. Koma bambo anangofunsa funso.

“Tsache linali dzanja liti?”

“Bambo, ndikuti pepani.”

“Kupepesa tidzachita Lamulungu. Ndikufunsa dzanja.”

“Lamanja.”

“Ndipo munawola ndi fumbi lomwe?”

“Nanga ndikanalisefa ndi chiyani?”

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. “Fumbi. Zaka zonsezi ndakhala ndikusaka mtundu wa lole yotsukatsuka ya pagalaja, chikhalirecho msewu uja unali wafumbi lokhalokha. Mayi, mutu wanga ulibwino. Katengeni tsache.”

Munthu wina akanangotapa kafumbi n’kuthira m’penti. A Sunafike anayesadi kawiri, zinakanika, ndipo anagamula kuti ngozi iyenera kubwerezedwa mmene inachitikira. Analetsa kusesa m’kachipindamo masiku anayi kuti fumbi likhwime. Tsiku lachisanu anandandalika timabotolo m’mphepete mwa tebulo, anawaimika akazi awo pakhomo tsache lili m’manja, iwo n’kuima pambali ngati sajeni pa perete. Ometa anakhala pawindo monga mlangizi wosapemphedwa, kumbuyo kwawo kuli theka la msewu.

“Yambani kusesa. Ayi, mukusesa mwaulemu kwambiri. Tsiku lija munali wokwiya, kwiyani.”

“Ndikwiye ndi chiyani anthu onsewa akundiyang’ana?”

“Kumbukirani masupuni.”

Mayi anakumbukiradi. Tsache linagunda tebulo mwamphamvu moti timabotolo tinaulukira kukhoma, ndipo kasinja mmodzi anagwa chagada. Ometa anati mkwiyo wachuluka, achepetseko pang’ono, akumbukire masupuni atatu okha. Ulendo wachiwiri timabotolo sitinagwe n’komwe. Ulendo wachitatu tinagwa bwino, koma mayi anawola ndi supuni yaikulu, bambo n’kuti zonse ziyambirenso pakatha masiku anayi. Simenti ya m’kachipinda inachita mawangamawanga ngati nkhanga, ndipo abusa atamva kuti banja lina likuswa zinthu sabata iliyonse anabwera ndi Baibulo kudzayanjanitsa. Anawakhazika pawindo pafupi ndi ometa, ndipo pomachoka nawonso anali atapereka maganizo awo pa kagwiridwe ka tsache.

Tinene zoona, mayi anali asanasekepo choncho pa zaka zambiri. Kachipinda komwe anathamangitsidwamo kaja tsopano sikankayenda popanda iwo.

Ulendo wachisanu ndi chinayi timabotolo tinagwa monga mwa tsiku lija, ndipo penti anakwana wambiri ndithu. Mawa lake teni koloko bambo anatuluka ndi supuni kudzanja limodzi, kalole kudzanja linalo. Anayandikizitsa supuni kumaso, anaitalikitsa, anatembenukira kudzuwa. Msewu wonse unkadikira. Kenaka anatsitsa manja onse awiri.

“Mayi, kwangoti mbuu. Sindikusiyanitsa. Onani inuyo.”

Mayi analandira supuni n’kuiika pafupi ndi mutu wa kalole. Maso awo anali a munthu wosoka, ozolowera kufananitsa ulusi ndi nsalu, ndipo anaoneratu kuti penti watsopanoyo wapendekera pang’ono kubulawuni. Anayang’ana amuna awo, amene ankadikira nkhope itaweramira komwe kunkachokera mawu awo.

“Wafika, bambo.”

“Simukundinamiza?”

“Za lole ija musandifunse zambiri. Tsiku limenelo ine sindinkayang’ana lole, ndinkayang’ana dalaivala.”

Makutu aakulu a bambo aja anachita ngati akugwedera. “Ndiye kuti zaka zonsezi ndinkafunsa mboni yolakwika.”

“Mukanafunsa za makutu ndikanakuuzani kalekale.”

Anakapaka limodzi masana omwewo, burashi ili m’dzanja la bambo, dzanja la bambo lili m’dzanja la mayi. Kalole katauma, ometa anabwera kudzakaona. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti kutsogolo ndi kumbuyo sizikufanana, koma anakumana ndi diso la mayi, n’kunena kuti ntchito yagwirika bwino zedi.

A Sunafike anatisiya mvula yotsatira isanagwe, mwakachetechete, atadwala masiku ochepa. Patapita milungu ingapo mwana wawo anabwera kudzathandiza kulongedza za m’kachipinda. Ponyamula kalole kaja, denga la kutsogolo linatsala m’manja mwake, poti linali longovindikira, lopanda guluu. Anaitana mayi ake kuti adzaone. Mkatimo munali tianthu tiwiri tochepa ngati njere za nyemba: dalaivala wa makutu aakulu, ndipo pambali pake mtsikana wovala diresi yachikasu ya timadontho toyera, patapata imodzi ili pamiyendo.

Mayi anayang’ana nthawi yaitali. Diresi imeneyo inatha ana asanabadwe, ndipo iwo eni anali ataiwala kuti inali ndi timadontho. Koma chikasu chake chinali chomwecho, osapendekera kulikonse. Ananyamula kalole n’kuwoloka nako msewu.

“Achimwene, izi munkazidziwa?”

Ometa anazimitsa makina. “Ndinalipo, alamu. Ubweya woyamba kuzula paburashi yanga unali wa diresi imeneyi. Anasakaniza kamodzi kokha, osawerenga dontho n’limodzi lomwe, osadikiranso dzuwa.”

“Nanga bwanji lole inawavuta chonchi?”

“Ndinawafunsa. Anati ulendo wonse uja maso anali pa diresi, mpaka anatsala pang’ono kugwera m’ngalande kawiri. Lole sanaiyang’ane bwino.”

Mayi anaseka, kenaka analira, pomwepo pabenchi la makasitomala, ndipo ometa anawasiya alire mpaka atakhuta.

Masiku ano mumsewu mwathu aliyense ukamupatsa moni amakuyankha bwinobwino, ndipo kunena zoona sizikoma. Ogulitsa makala amafuula mmene angafunire. Ometa anagula burashi yatsopano yomwe palibe akuizula, koma ikakwana teni koloko dzanja lawo limapitabe lokha kukatsitsa wailesi. Mwana uja anabweretsa masupuni atsopano onyezimira, mayi anathokoza n’kuwasunga m’kabati, tiyi amatakasabe ndi akale obiriwira kumbuyo.

Makina osokera anabwerera m’kachipinda kawo. Kalole kali pawindo pomwe pamafika dzuwa la m’mawa, ndipo mayi amasesa ndi kupukuta nyumba yonse kupatula iko. Fumbi lakhala likukhazikika pang’onopang’ono, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, moti mitundu iwiri ija pano sukhoza kuisiyanitsa. Mlendo akatambasula dzanja kuti akapukute, mayi amamugwira pamkono.

“Kasiyeni. Mtundu wake ndi umenewo.”